Nthambi Yomwe Ndinathyola Kuphiri la Eni

Mwafunsa za chitsamba cha minga chili kuseri kwa nyumba ya amayi, chija cha maluwa achikasu chomwe ngakhale mbuzi zimachilambalala. Sendererani kuno, motowu ndi wa tonse. Ndikuuzani, koma musayembekezere kuti ndilira kapena kunjenjemera. Zimenezo zinandithera kalekale.

Ine Sailesi ndi mng'ono wanga Layisoni tinapita limodzi kukagwira ntchito m'minda ya zipatso kudziko lina la kugombe la nyanja ya Mediteraniyani. Ife a kuno ku Tsangano tinazolowera kachewere ndi chisanu. Kumeneko tinakapeza malalanje, maolivi ndi dzuwa loti likakuwomba pamutu umaiwala chimene unadzukira. Munda wa bwana wathu unali m'munsi mwa phiri la miyala yoyera, ndipo phiri lonselo linali zitsamba zokhazokha, zofika m'chiuno, za minga yaitali ngati chala. Miyezi yambiri zimaoneka zakufa. Koma cha mu Malichi, mvula ya kumeneko ikamapita kotha, phiri lonse limachita chikasu, n'kumanunkhira uchi. Pakati pa zitsambazo panali zipupa za miyala za nyumba zakale zogumuka, ndi chitsime chouma. Tikamufunsa kapitawo kuti ankakhala pamenepo ndani, ankangoyang'ana kumbali n'kutiuza kuti tifulumire ntchito.

Tsiku limene Layisoni anamwalira, woyenera kuyendetsa thirakitala ndinali ine. Ndinadzuka ndi ulesi basi, palibe china. Ndinanama kuti mutu ukundiwawa.

"Gonani achimwene," anatero iye akuvala chipewa chake chabuluu. "Ndikuyendetserani lero. Ukalamba wayamba, eti?"

Thirakitala inatsetsereka pamtsetse wa phirilo, n'kugubuduzika, n'kukamupanikiza m'zitsamba zija. Pamene ndinkafika, anali atamuchotsa kale, atamugoneka pansi, timaluwa tachikasu tili mbwee kumaso ndi m'tsitsi. Ndinaima n'kumayang'ana. Anzathu ankalira, ine ayi. Ndinangomva ludzu.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linandikanika kutchula. Ndikafuna kunena za iye ndinkati "ujeni" kapena "mnzanga uja." Lilime linkangouma lokha.

Thupi linabwera kuno pa ndege, m'bokosi lachitsulo lomata, losatsegula. Ine ndinatsala komweko chifukwa kontirakiti inali isanathe ndipo mapepala anga anali m'manja mwa ena. Maliro a mng'ono wanga ndinawaonera pa foni, nditakhala pa kireti ya malalanje.

Patatha miyezi inayi, ulendo wanga wobwerera utayandikira, amayi anandiimbira pa foni ya Esinati, mkazi wa Layisoni. Amayi athu, aNangozo, si munthu wa mawu ambiri.

"Sailesi, bokosi tinaika. Koma mng'ono wako sanafike."

"Ndamva, amayi."

"Ukudziwa mmene timachitira kubanja la bambo ako munthu akafera kutali. Ukathyole nthambi ya minga pamalo pomwe anagwera. Kuno tikanathyola kankhande, koma uko utenge mtengo wa minga umene ulipo. Ukamuitane katatu, dzina lake ndi chiwongo chake. Uzimuuza paliponse pamene mukuwoloka madzi. Usacheuke mpaka utaponda pakhomo pano. Woitana ayenera kukhala wa magazi ake, ndiye palibe wina koma iwe."

"Ndamva, amayi."

"Wamva kuti dzina ndi chiwongo?"

"Ndamva."

Ndinakwera phirilo masana, dzuwa lili paliwombo, tsiku loti mawa lake ndinyamuka. Maluwa anali atatha, zitsamba zili gwa, zotuwa. Malo ake sindinasochere, chifukwa mikwingwirima ya matayala inali ikuonekabe pamiyala, pafupi ndi chitsime chouma chija. Ndinathyola kanthambi kotalika ngati dzanja langa. Munga unandilasa pachala, magazi n'kudontha pamwala.

Kenako ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane. Dzina linafika pakhosi n'kuima. Ndinayesa kachiwiri, koma zomwezo. Chiwongo chathu cha Nyoni, chomwe ndakhala ndikuyankhira moyo wanga wonse, nachonso chinakana kutuluka. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinadziuza kuti paphiri lonseli wa kwathu ndi mmodzi yekha, mawu anga awazindikira. Ndiye ndinangoti, "Tiye kwathu. Wakhalitsa kuno. Kunyumba akukudikira." Ndinanena katatu, monga anandiuzira amayi.

Nyenje zimene zinkalira phiri lonse zinasiya nthawi imodzi.

Ndinatembenuka n'kuyamba kutsika. Kumbuyo kwanga, cha kuchitsime, kamwala kanagubuduzika. Kenako ndinamva mapazi, oyenda pang'onopang'ono, okwekwesa, ndi kanthu kena kogunda pamiyala, go, go, go. Layisoni ankayenda ngati akuthamangitsidwa, aliyense ankamudziwa ndi zimenezo. Ndinaganiza kuti mwina akufa amayenda mosafulumira. Ndinachepetsa liwiro kuti asatsale, ndipo sindinacheuke.

Nthambiyo ndinaikulunga m'sokosi n'kuibisa m'kati mwa malaya, pachifuwa. Minga inaboola sokosi n'kumandilasa ulendo wonse, koma ndinkangoimva ngati ikulasa munthu wina. Pabwalo la ndege anandisecha thupi lonse, osaipeza. M'ndege mpando woyandikana nane unali wopanda munthu. Mtsikana wogawa zakudya anandipatsa kapu ya madzi, kenako anatsitsa kathebulo ka mpando wopanda munthuwo n'kuikapo kapu ina. Anamwetulira mpandowo n'kupitirira. Ine ndinaweramira pachifuwa n'kunong'oneza kuti, "Tikuwoloka nyanja tsopano." Nditadzuka kutulo, makapu onse awiri anali opanda madzi.

Ku Lilongwe ndinakwera minibasi. Inu mukuwadziwa makondakitala athu, pampando wa anthu atatu amapanikizapo anayi ndi thumba la makala. Koma tsiku limenelo aliyense wokwera ankafika pamzere wanga, n'kuyang'ana, n'kupita kukadzipanikiza kumbuyo. Tili pafupi kunyamuka, kondakitala anandigwira paphewa.

"Abwana, agogowa muwauze alowetse ndodo m'kati, ndikufuna kutseka chitseko."

Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ananso pambali panga, n'kudzikanda m'mutu, n'kutseka chitseko mwakachetechete. Pamlatho wa Linthipe ndinanong'oneza kuti tikuwoloka, ndipo pakamtsinje kalikonse ka m'njira ndinachita chimodzimodzi. Mwambo ndinautsatira bwino ndithu, kupatula chinthu chimodzi chija.

Amayi anandilandirira panja. Sanandikumbatire. Anagwada, n'kulandira nthambiyo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Wafika, Layisoni. Wafika, Nyoni. Lowa pakhomo pako." Anakaizika kuseri kwa nyumba, n'kuika pambali pake chikho cha thobwa, chakumwa chimene mng'ono wanga ankachikonda kuposa chilichonse. Esinati ankalira chapansipansi, mwana wawo wamkazi wa zaka ziwiri ali kumsana.

Layisoni anali ndi galu wake, dzina lake Zilipano. Galu ameneyu ankamudziwa mbuye wake ngakhale ali kutsidya kwa dambo. Tsiku limenelo anabwera, ananunkhiza nthambiyo, n'kubwerera chafutambuyo. Sanauwe. Anakagona kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo kuseri kwa nyumba ya amayi sanapondekonso.

Nthambi yothyola, youma, yoyenda masiku awiri m'sokosi, siyenera kuphuka. Iyo inaphuka pasanathe sabata, m'chisanu cha Julaye chomwe chimapsereza ngakhale masamba a nthochi. Anthu anati ndi chizindikiro chabwino, mwana wafika ndipo wakondwa. Ine ndinkangovomera ndi mutu.

Thobwa lija silinakhudzidwe. Linasasa, linachita thovu, amayi anataya n'kuika lina, nalonso chimodzimodzi. M'malo mwake m'nyumba munayamba kusowa tinthu tina. Mchere unkatha msanga. Mafuta ophikira ankatsika m'botolo usiku umodzi wokha. Buledi amene ndinagula pa Tsangano tinamupeza m'mawa atabenthulidwa bwinobwino pakona, osati mmene amachitira makoswe, koma ndi zala. Mandimu a mumtengo wa pakhomo ankachepa limodzi limodzi, makoko ake tinkawapeza ataunjikidwa pansi pa chitsamba chija.

Mbandakucha tinkamva mphero. Pamudzi pano mphero tinasiya kalekale chigayo chitabwera, ya amayi ili pansi pa nkhokwe, nkhuku zimamwerapo madzi. Koma phokosolo linkamveka ndithu, mwala kukhula mwala, mosafulumira, mpaka tambala wachiwiri. Ndipo chakumadzulo, dzuwa likamalowa, kuseri kwa nyumba kunkamveka munthu akung'ung'udza nyimbo. Sinali ya kutchalitchi, sinali ya ngoma, sinali ya pawailesi. Inkakwera pamalo pomwe nyimbo zathu zimatsika.

Tsiku lina Esinati anasiya nyemba m'lichero pakhonde n'kupita kumjigo. Pobwera anapeza zitasankhidwa, timiyala tili pambali, nyemba zofumbwa zili pazokha. Amayi anali kudimba, ine ndinali kumunda wa kachewere. Mwana anamupeza atakhala pafupi ndi lichero, akuseka, akuyang'ana m'mwamba pang'ono ngati pali munthu womuweramira. Madzulo ake mwanayo anayamba kung'ung'udza nyimbo ija.

Esinati ananditsatira kumunda m'mawa mwake. Anaima pamzere, manja ali kumbuyo.

"Alamu, bwerani mudzaone kanthu."

Anandilondolera kuseri kwa nyumba ya amayi, pomwe anali atasesa dzulo lake. Pafumbi panali mapazi. Anali aang'ono, opanda nsapato, zala zake zopindika, ndipo pambali pa phazi lililonse lamanja panali kadzenje kozungulira ka ndodo. Mapaziwo ankachokera pachitsamba, kudutsa kuseri kwa nkhokwe, kukwera mpaka pathanthwe lija lili kumpoto kwa mudzi. Pamphepete pa thanthwe, pomwe pali dothi, anaima nthawi yaitali, chifukwa anazama. Kenako anabwerera.

"Bambo a mwanayu nsapato zawo tinkachita kusakasaka pa kaunjika, kukula phazi," anatero Esinati. Sanakweze mawu. "Alamu, munabwera ndi ndani?"

Ndinabwerera kumunda n'kupitiriza kupalira. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinachita mantha, koma ayi. M'kati mwanga munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, chitsamba chija chinachita maluwa. Fungo la uchi linadzaza bwalo lonse, fungo lomwe lija la tsiku la thirakitala. Sabata yomweyo ndinalandira foni kuchokera kwa Yotamu, mnzathu wa ku Mchinji amene anatsala kumunda wa malalanje.

"Aise, ndakhala ndikuzengereza kukuuza," anatero. "Pamtsetse paja pamakhala munthu."

"Munthu wanji?"

"Masana aliwonse. Amakhala pamwala pafupi ndi chitsime, atavala chipewa chabuluu. Amayang'ana kumsewu ngati wodikira basi. Tonse tamuona, ngakhale anyamata a ku Thailand ogwira nafe ntchito aja sakufunanso kudutsako. Ukayandikira umapeza mwala wokha."

Ndinkamva thirakitala ina ikulira kumbuyo kwake.

"Ndinayesa kumuitana dzina," anapitiriza Yotamu. "Anacheuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ananso kumsewu. Sanadzuke. Ine si m'bale wake, aise. Akudikira iwe."

Musaganize kuti sindinayese kubwerera. Ndinapita ku Lilongwe kawiri kukalembetsanso. Ulendo woyamba anati zaka zanga zapitirira. Ulendo wachiwiri anandiyeza maso n'kunena kuti lakumanzere lafooka, ndipite ndikalime kwathu. Wina wa magazi athu amene angakwere ndege palibe. Tinabadwa awiri.

Nditabwera ulendo wachiwiriwo ndinaganiza zowauza amayi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba dzuwa litapendeka, atagwada pafupi ndi chitsamba. Chikho cha thobwa panalibe. Pamalo pake panali mbale yadothi, m'menemo muli chibenthu cha buledi, timafuta pang'ono, mchere ndi ndimu lodula pakati.

Ndinakhala pansi chapatali. "Amayi, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Kuphiri kuja sindinatchule dzina. Ngakhale chiwongo. Zinandikanika. Ndinangoti tiye kwathu, kunyumba akukudikira. Ndiponso tsiku lija thirakitala inali yanga. Sindinkadwala. Unali ulesi."

Amayi anapitiriza kukonza mbale ija, kuisuntha kuti ikhale pamthunzi.

"Za dzinazo ndinadziwa tsiku lomwe unafika," anatero. "Galu anandiuza. Za thirakitala Yotamu anamuuza Esinati maliro asanachitike."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Ukanabwerera?"

Esinati anali atafika, ataima pakona ya nyumba. Anati, "Amayi, tizule chitsambachi titenthe. Amalume ake a bambo a mwanayu anena zomwezo. Sitikumudziwa munthuyu. Akuyimbitsa mwana wanga nyimbo za kwawo."

"Wamupweteka mwanayo?"

"Ayi."

"Ukazula apita kuti? Njira sakuidziwa. Anabwera atatsekeredwa m'malaya." Amayi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Munthuyu ndi nkhalamba. Kaya anakhala zaka zingati pamabwinja paja, ake onse atapita, popanda womuitana. Ndiye tsiku lina wamva mawu akuti kunyumba akukudikira. Ukanakhala iwe sukanadzuka? Wafika kuno wapeza nkhope zachilendo, chinenero chachilendo, chakudya chachilendo. Wamunamiza ndi mwana wanga. Sindingamuwotchenso."

"Nanga bambo a mwanayu?" anafunsa Esinati.

Amayi anayang'ana kumpoto. Nkhope yawo inali youma, ngati yanga. "Ine ndizimudyetsa wa eniyu. Mwina uko kuli mayi wina amene adzaone mwana wanga atakhala pamwala padzuwa, n'kumupatsako madzi."

Esinati anaphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Tinatsala awiri, kapena ndinene kuti atatu, chifukwa nthambi imodzi ya chitsambacho inkagwedezeka popanda mphepo.

"Sailesi," anatero amayi. "Tchula dzina la mng'ono wako."

"Amayi, pano sizithandiza."

"Sindinafunse ngati zithandiza."

Ndinatsegula pakamwa. Linatuluka mosavuta, ngati silinakanikepo. "Layisoni." Ndinalitchulanso. "Layisoni Nyoni." Kachitatu mawu anasweka pakati. Ndi zimene zinandipweteka kwambiri, kuphweka kwake. Mawu awiri okha, oti mwana wa zaka ziwiri amawatchula, ndipo ine ndinawabweretsa kuno m'kamwa n'kumusiya mwini wake paphiri.

Amayi anangogwedeza mutu n'kupita kukasonkha moto.

Papita zaka zitatu tsopano. Chitsamba chafika m'chiuno. Esinati anabwerera kwawo ku Lizulu ndi mwana, ndipo sindimuimba mlandu. Amayi amaikabe mbale ija tsiku lililonse, ndipo nyemba zawo sasankhanso okha. Yotamu kontirakiti yake inatha chaka chatha. Asananyamuke anakwera pamtsetse paja n'kusiya botolo la madzi pamwala. Akuti pamene basi yawo inkatuluka pageti la munda, anasuzumira pawindo. Wa chipewa chabuluu uja anali ataimirira, akuyang'ana basiyo. Itadutsa osaima, anakhalanso pansi.

Ine masana aliwonse, dzuwa likafika paliwombo, ndimasiya khasu n'kukwera pathanthwe la kumpoto lija. Ndimaitana katatu, dzina ndi chiwongo. Ena pamudzi pano amati mutu wanga sukuyenda bwino, ndipo mwina akunena zoona. Ndikangomaliza, kumbuyo kwanga ndimamva ndodo ikukwera, go, go, go, mpaka kuima pambali panga. Sindicheuka. Nayenso amaitana ake, m'chinenero chake, mayina asanu, tsiku lililonse omwewo. Kenako tonse awiri timakhala chete n'kumamvetsera.

Palibe amene wayankhidwapo. Tikatopa timatsika, ine patsogolo, ndipo ndimayenda pang'onopang'ono kuti asatsale.

Nkhuni zatha, nanenso ndalekeza pomwepa. Mukamapita mudzere kumaso kwa nyumba. Mukamva wina akung'ung'udza kuseriko, musathawe, mungopereka moni. Ndi mlendo wathu.